Boxer 100 kapena 150, ndigule iti abale?

Mphwanga_wa_ku_Zomba:
Abale a kuno ku Harare ndithandizeniko nzeru. Ndimakhala ku Chitungwiza ntchito ndimagwira ku Graniteside, makombi andikwana. Ndasunga kangachepe ndiye ndikufuna njinga yamoto ya Bajaj Boxer koma mutu waima pakati pa BM100 ndi BM150. Loweruka lililonse ndimapitanso ku Mbare Musika kukaoda matimati a mayi a kunyumba, makreti awiri, nthawi zina iwonso amakwera. Ya 100 ija ingathe zimenezi kapena ndingoonjezera ndalama?

AnkoloPhiri:
Mphwanga tenga 150 usavutike. Injini yake ndi 144.8cc, mphamvu pafupifupi 12 hp pomwe ya 100 imangosewera cha m'ma 8. Ukakhala wekha kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni, koma kweza makreti awiri ndi alamu athuwo kumbuyo ulowe mu Seke Road m'mawa, kombi ikupumira m'khosi iwe ukufuna kupitirira lole, mpamene udzadziwe kuti kanjinga kakang'ono kamangolira osathamanga. Ine ndinayendera ya 100 zaka ziwiri, ndinkaimvera chisoni ndithu. Komanso Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500, mpweya ndi wopepuka ndiye injini siikoka ngati mmene ingakokere ku Nsanje.

Makaniko_Mbare:
Ankolo akunena zoona pa za katundu koma ya 100 musainyoze, mafuta imamwa pang'ono zedi ndipo munthu woyenda yekha m'tauni imamukwanira. Chimene chimapha tinjinga timeneti ndi kutisenzetsa ngati bulu, tcheni ndi masiproketi zimatha msanga, klatchi kupsa. Achimwene ngati mukugula yakale, iliyonse mwa ziwirizi, pitani m'mawa injini isanatenthe muilize nokha, mukaona utsi wabuluu ku ekizozi dziwani kuti ikudya oyilo, isiyeni. Petulo wa kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, njinga ikakhalitsa osayenda kabureta imatsekeka. Musanapereke ndalama dutsani mu Kaguvi Street mufunse mitengo ya masipeya a zonse ziwiri.

NaBanda:
Achimwene nkhani ya laisensi mwaiganizira? Pa makodi a SADC, A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, zoposa apo ndi A, ndiye kafunseni ku VID, ofesi ya boma yoyesa madalaivala ndi magalimoto, musanagule. Bambo a kwathu ali ndi TVS HLX 125, ine ndimakwera kumbuyo ndi thumba la ufa ndipo timafika bwinobwino. Chonde mayiwo muwagulirenso helimeti yawo, ine ndinagwapo pa dzenje ndipo ndiyo inandipulumutsa.

Mphwanga_wa_ku_Zomba:
Zikomo nonse. Mtima wapita ku 150 chifukwa cha matimatiwo, ndidikira kaye malipiro a mwezi uno. A Makaniko, Loweruka mumapezeka nthawi yanji? Pali ina yakale ndaiona ku Epworth ndikufuna mukaimvere injini.