Mchira wa RV-6 ukuoneka wopendekeka, ndigule kapena ndithawe?

Mphamba_wa_Benoni:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ine ndi mnzanga wakuntchito tikufuna kusonkherana tigule ndege yaing'ono ya RV-6 yakale, ija ya kateyala kumchira, ya injini ya Lycoming O-320, nambala yake ya ZU, imene ku South Africa amapatsa ndege ngati zomanga pakhomo. Ili pa kabwalo kena kum'mawa kwa Johannesburg. Anaimanga m'galaja ndi bambo wina amene anatisiya kale, ndipo amene akugulitsa pano ndi mwini wachitatu. Mtengo wake ndi wabwino moti ukundiopsa.

Chandisowetsa tulo ndi mchira. Ukaima kumbuyo n'kuyang'ana molunjika mphuno, chipsepse choimirira chija sichili pakati penipeni, kutsogolo kwake kwakhotera pang'ono kumanzere. Timapiko togona tija, nsonga ya kumanja ikuoneka yotsika. Ndinayeza ndi tepi kuchokera pa simenti, kusiyana kwake mamilimita 10. Pa rudder, chiwongolero cha kumbuyo kwa chipsepsecho, palinso kachitsulo kopindika komatidwa kumapeto. Ogulitsawo akungoti "imauluka mowongoka, yakhala choncho kuyambira kale." Kodi izi n'zabwinobwino pa ndege zomanga pakhomo, kapena ndalama zathu zikukalowa m'madzi?

Che_Levulo:

Achimwene, muyeso wanuwo utayeni kaye. Simenti ya mu hangar siikhala yofanana, mateyala awiri sakhala ndi mpweya wofanana, ndipo miyendo ya RV ndi zitsulo zonyumphira zomwe zimafooka mosiyana ndege ikamakalamba. Mwayeza pansi, simunayeze ndege.

Chitani chonchi. Kwezani mchira pa kabenchi, ikani levulo mopingasa pa ma longeron, zitsulo zazitali zija zomwe chivindikiro cha galasi chimakhalapo, ndipo pachikani timatabwa pansi pa teyala mpaka thupi la ndege likhale chilili mbali zonse ziwiri. Mukatero ndiye ikani levulo yomweyo pa spar, chitsulo chachitali chamkati chimene chili msana wa timapiko togona. Kenako sankhani liveti limodzi la pamzere wapakati pamsana pa ndege, kokani tepi kukafika kunsonga ya kumanzere, mubwerezenso kunsonga ya kumanja. Miyeso iwiriyo ikuuzani ngati mchira unamangidwa mokhota. Chipsepse choimirira chimayezedwa chimodzimodzi, kuchokera pamwamba pake kutsikira ku nsonga ziwiri zija.

Za kukhotera kumanzere zisakuthamangitseni magazi msanga. Pulopela ya Lycoming imazungulira kumanja mukakhala pampando, mphepo yake imazinga thupi la ndege n'kukamenya chipsepse mbali ya kumanzere, ndiye mphuno imafuna kuthawira kumanzere. N'chifukwa chake pa ndege zambiri za injini imodzi amakhotetsa dala kutsogolo kwa chipsepsecho kumanzere, ena amawonjezera kachitsulo ka pa rudder kamene mwaonako. Chikanakhotera kumanja ndiye ndikanadzuka pampando. Pemphani mapulani amene womangayo anagwiritsa ntchito, muone zimene analemba, mufanizire ndi zimene zilipo.

Kumbukiraninso mtundu wa ndegeyi. RV-6 inatuluka mu 1986, ndipo makiti ake, makamaka oyambirira, ankabwera opanda mabowo okonzeratu. Munthu ankakhoma yekha chimango chamatabwa, kujambula mizere ndi kuboola bowo lililonse ndi manja ake. Mabowo oti ungolumikiza anafala ndi RV-7 ya mu 2001. Choncho RV-6 iliyonse ili ndi dzanja la mwini wake. Timapiko togonato ndi pafupifupi mamita 2.5 kuchokera nsonga kufika nsonga, ndiye mamilimita 10 sakukwana n'komwe kota ya digiri. Ine ndaonapo zopendekeka kuposa apo zikuuluka bwinobwino.

NaPhiri_ZU:

Bambo Levulo anena zoona pa kayezedwe, koma ine mtima sungakhale pansi ndi masamu okha. Funso langa si lakuti wapendekeka bwanji, koma unapendekeka liti. Ngati unabadwa choncho m'galaja, tingakambirane. Ngati unapendekeka pambuyo pake, ndiye kuti china chake chinapindika, ndipo mwini wachitatuyo mwina sakudziwa n'komwe. Ndege za kateyala kumchira zimatha kutembenuka mwadzidzidzi potera, mchira n'kudutsa kutsogolo, ndipo si onse amalemba zimenezo m'buku la ndege.

Musagule asanachotse chivundikiro cha faibala chija chimene chimabisa polumikizira mchira. Ndi masikuluwu ochepa, koma nkhani yonse ili pansi pake. Tengani tochi ndi kagalasi. Van's, kampani yopanga makiti a RV, inatulutsa chenjezo la SB 14-01-31 mu 2014, lokhudza ming'alu pa spar yakutsogolo ya timapiko togona pa RV-6, RV-7 ndi RV-8. Onani ngati m'buku munalembedwa kuti ankayendera malowo kapena anaikapo zitsulo zolimbitsira, ndipo muone ndi maso anu kuti zilipodi.

Chachiwiri ndi mabawuti omangira mchira ku ma longeron. Apa ndi pamene omanga ambiri ankapunthwa. Lamulo la amisiri n'lakuti kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete mwa chitsulo pakhale kawiri kukula kwa bawutiyo. Bawuti ya AN3 ndi 3/16 inchi, ndiye pafunika 3/8 inchi. Mukapeza bowo lili m'mphepete penipeni, kapena lotambasuka ngati dzira chifukwa wina ankakakamiza mchira kuti uwongoke, vuto lake laposa la kupendekeka kuja. Kukonza longeron si ntchito ya Loweruka limodzi.

Mukatero yendetsani chikhatho pa malata a thupi chakumchira, pansi ndi m'mbali. Makwinya opingasa, penti yosiyana mtundu, maliveti otuluka kafumbi kakuda kumbuyo kwake, zonsezo zimalankhula. Ndipo AP (Approved Person, munthu wololedwa kuyendera ndege zotere) woyendera ndegeyi akhale wanu, wolipidwa ndi inu, makamaka wodziwa ma RV. Amene wakhala akusainira mapepala a Authority to Fly (chilolezo choulutsira ndege) ya ogulitsawo chaka ndi chaka angakhale munthu wabwino, koma diso lake linazolowera.

Gologolo:

Inu mukuyeza ndege ili pansi ngati mukugula kabati! Ikwereni ndi munthu woidziwa. Mukafika pa liwiro laulendo chotsani mapazi pa ma pedal muone kampira kaja kosonyeza kuti ndege ikuuluka mowongoka ngati kakhala pakati, siyaniko ndodo yowongolera muone ngati phiko lina likulemera. Muchewukirenso kumbuyo: nyanga za elevator (mbali yosuntha ya kumbuyo kwa timapiko togona) zonse ziwiri zizioneka mofanana ndi timapiko togona, osati ina pamwamba ina pansi. Kenako pamwamba ndithu muyese stall (kuchepetsa liwiro mpaka mapiko asiye kunyamula ndege), muone ngati ikugwetsa phiko lomwelomwelo mwaukali nthawi zonse.

Koma dziwani kuti tsiku lodzagulitsa inuyo, wogula adzaimanso kumbuyo komwe munaimako. Mtengo utsikiretu lero.

Mphamba_wa_Benoni:

Zikomo nonse. Tabwererako ndi levulo ya digito. Thupi litakhala chilili, kutsika kuja kwachepa kufika mamilimita 4, ndipo miyeso ya ku nsonga ziwiri ikusiyana ndi mamilimita 3 okha. Teyala la kumanja linalidi lofewa. Mapulani alipo m'katoni, tiwafanizira ndi chipsepse.

Chivundikiro ndiye ogulitsawo akana kuchotsa, akuti penti ingakanduke. M'buku sitinapezemo paliponse polembedwa SB ija. Mayi NaPhiri, pamenepa mungatani?

NaPhiri_ZU:

Penti? Chivundikiro chimenecho chimayenera kuchoka poyendera ndege chaka chilichonse. Ngati penti ya pa masikuluwu sinakandukepo, afunseni kuti spar ija ankaiona bwanji kuyambira 2014. Auzeni mwaulemu kuti AP wanu achotsa yekha, inu mulipira nthawi yake, ndipo akakanda penti mukonzetsa. Dipoziti musapereke tochi isanalowe mmenemo. Mukatsegula jambulani mabawuti a kutsogolo ali ndi rula pambali, komanso pamene spar yapindikira pafupi ndi nthiti zamkati, mbali zonse ziwiri, mutiponyere pano tione.