Hutala ya mphepo ikungopsereza fyuzi pa Hiace yanga

Hiace wa pa Nchalo:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimayenda Nchalo–Bangula, masiku ena mpaka ku Nsanje boma. Hutala yomwe inabwera ndi galimotoyi imalira ngati kamwana ka mbuzi, moti ng'ombe za pa Ngabu zikaima pa tala sizitembenuka n'komwe. Sabata yatha ndili ku Limbe ndinagula hutala ya mphepo ya 12V, ija ya malipenga awiri ndi kompresa yaing'ono ngati kachitini. Nditafika pakhomo ndinazula waya wa hutala yakale n'kulumikiza pa kompresa, waya winawo ndinamanga ku bodi. Kudina koyamba inalira mpaka nkhuku za aneba kuthawira pansi pa nkhokwe. Kachitatu, zii. Fyuzi ya 10A yapsa. Ndinaika ya 15A, inapirira masiku awiri, dzulo yapsanso ndikudutsa pa Sorgin njinga zili mbwee. Kondakitala wanga akuti tingopinda kawaya tilowetse m'malo mwa fyuzi, koma mtima ukukana. M'bokosi munalinso kachinthu kakuda ka miyendo inayi, ndinangokaponya mu dashibodi. Kodi ndagula yachabe kapena?

Wa mawaya pa Dyeratu:
Achimwene, kondakitalayo muuzeni azingotolera ndalama basi. Fyuzi ikupsayo ikukupulumutsani. Mukaika kawaya, chopsa chidzakhala waya wa galimoto mkati mwa dashibodi, anthu ali m'kati.

Hutala yanu ilibe mlandu. Yakale ija imakoka ma amp ochepa, atatu kapena asanu, ndipo kawaya kake anakayezera pamenepo. Kompresa ndi mota, imakoka 15 mpaka 20, poyamba kuzungulira imapitirira apo. Kachinthu mwakaponya mu dashibodiko ndiye mwini ntchito, ndi relay, kaswichi kamene kamadzutsidwa ndi moto wochepa n'kudutsitsa moto wambiri. Kapezeni, mukatembenuze, muona manambala pa miyendo yake.

Mwendo wa 30 utenge moto kuchokera pa pulasi ya batire mwachindunji, ndi waya wonenepa, 2.5mm kapena kuposa. Fyuzi ya 25A kapena 30A ikhale pafupi penipeni ndi batire, osati kutsogolo uko. Pa Hiace batire silili kumphuno, ndiye waya uyenda kamtunda pansi pa galimoto. Ukakhula chitsulo pakati panjira, fyuzi yokhala kumapeto sikuthandizani kanthu. Muulowetse m'kapaipi kapulasitiki, muumange, usayandikire ekizozi. Mwendo wa 87 upite pa pulasi ya kompresa. Waya wa hutala yakale uja, umene mukuuzunzawu, upite pa 86, ndipo 85 ku bodi. Mukatero ntchito yake yangotsala yodzutsa relay, katundu wolemera akudutsa kwina.

Musanayambe, onani ngati hutala yakale inali ndi waya umodzi kapena awiri. Ngati ndi awiri, umodzi pa 85 wina pa 86, osamanganso ku bodi, chifukwa pa galimoto zina batani la pa chiwongolero limadula mbali ya mainasi. Mukalakwitsa apa idzalira yokha osasiya. Pomanga mainasi ya kompresa palani penti mpaka chitsulo chiwale. Ambiri amabwera kwa ine akuti kompresa yafa, koma ndi dzimbiri pa bawuti. Ndipo chotsani kaye mainasi ya batire musanagwire chilichonse.

Dalaivala wa thonje:
Amisiri anena zonse za moto. Ine ndiwonjezere za malo oikapo, poti kuno kwathu sikofanana ndi ku Blantyre. Malipenga aziyang'ana pansi pang'ono. Yanga yoyamba ndinaimangira pansi pa bampala kukamwa kuli m'mwamba, nditaoloka madzi nthawi ya Freddy mu 2023 inamwa matope n'kuyamba kulira ngati chule, kenako inatheratu. Kompresa ikwezeni, iime chilili, italikirane ndi ladiyeta. Kutentha kwa Okutobala kuno n'kokwanira kale. Kapaipi ka mphepo kakhale kafupi, kosapindika, apo ayi mumadina lero hutala n'kulira mawa. Ngati ili ndi kabowo ka oyilo, madontho awiri nthawi ndi nthawi, fumbi lathu limaumitsa.

Anzanga a malole a 24V, musagule ya 12V n'kuitapa pa batire limodzi. Batirelo limatha msanga kusiya linzake, mudzagula awiri.

Mayi a geni ku Bangula:
Pepani abambo, za mawaya sindidziwa, koma ine ndimakwera kabaza tsiku ndi tsiku ndi dengu la nsomba pamwendo. Mahutala anuwa mukatilizira kumbuyo kwenikweni, mnyamata wopalasa amadzidzimuka n'kukhotera kumene simukufunako. Mwezi wathawu tinagwera m'mbali mwa msewu chifukwa cha zomwezi, bondo likundipwetekabe. Ng'ombe zomwe mukuzinenazo nazo zikadzidzimuka zimabalalika mbali zonse. Lizirani patali, mwina ife tikhale ndi mpata wopatuka.

Wa mawaya pa Dyeratu:
Amayi akunena zoona. Yakaleyo musaitaye achimwene. Ikani kaswichi pa waya wopita pa 86, ndipo hutala yakale ikhalebe pa waya wake. Swichi ikakhala yozima ilira yaing'ono yokha, ya pa msika ndi pa siteji. Mukaiyatsa zilira zonse, ya pa msewu waukulu ndi pa makona a ku Thabwa. Komanso musamaikanikize nthawi yaitali, kamota kameneka kamatentha msanga.

Hiace wa pa Nchalo:
Takhuta nonse. Relay ndaipeza pansi pa malisiti, hutala yakale inali ya waya umodzi. Tamanga m'mawa uno pansi pa mtengo wa nimu dzuwa lisanakwiye, fyuzi ya 10A yabwerera pamalo pake, ya 25A ili pafupi ndi batire. Ndapita ku Bangula n'kubwerako, palibe chapsa. Kaswichi sindinakapeze pano, ndatuma mnzanga akukwera ku Limbe Lachisanu. Amayi, pepani za bondolo. Mukaona Hiace yoyera yosweka galasi lakumanzere, imitsani, dengulo likwera ulere.