Masupuni a agogo: kodi ndi siliva weniweni?

Nachisale wa ku Chinamwali:
Abale, ndigawireni nzeru. Malemu agogo anga aamuna ankaphikira mzungu wina konkuno ku Zomba nthawi ya atsamunda. Pobwerera kwawo, mzunguyo adawasiyira tipoti ndi masupuni anayi. Zaka zonsezi zakhala m'sutikesi ya amayi, zokulungidwa m'chitenje, moti zada bii. Kuseri kwa mpini wa supuni iliyonse kuli tizidindo tinayi: kamkango koyenda, nangula wa sitima, chilembo k, ndi zilembo ziwiri zosaoneka bwino. Pansi pa tipoti palembedwa EPNS. Bambo wina pamsika waukulu akuti agula zonse pamodzi, koma changu chakecho chandikayikitsa.

Mphunzitsi wopuma, Matawale:
Mayi, musafulumire. Kamkangoko ndi chidindo cha ku England chotsimikiza kuti ndi siliva weniweni, magawo 925 pa 1,000 aliwonse. Nangulayo akutanthauza kuti adayesedwa ku Birmingham, komwe ofesi yoyesa siliva idatsegulidwa mu 1773. Ukadakhala mutu wa nyalugwe tikadati London, chisoti chaufumu tikadati Sheffield. Zilembo ziwirizo ndi za dzina la wosula kapena kampani yake.

Chaka chili pa k uja, koma apa m'pamene ambiri amaphonya. Chilembo chinkasintha chaka ndi chaka, zikatha n'kuyambiranso, choncho ma k alipo angapo. Muone ngati ndi wamkulu kapena wamng'ono, woongoka kapena wopendeka, komanso kabokosi kamene wakhalamo kali ndi makona otani. Kenako mufananize ndi ndandanda wa Birmingham pa intaneti, osati wa London. Ndaonanso kuti simunatchule mutu wa mfumu. Chidindo chimenecho chinali cha msonkho, kuyambira 1784 mpaka 1890, ndiye ine ndikuganiza kuti masupuni anuwo ndi a pambuyo pa 1890.

Achimwene a pa Mpondabwino:
Tipotiyo ndiye pepani achemwali. EPNS ndi chitsulo cha mkuwa wosakaniza ndi zina, siliva adangomukuta pamwamba ndi magetsi. Yang'anani pachogwirira ndi pamlomo, mupeza penapake payamba kuoneka pachikasu. Imwereni tiyi basi. Bambo wanuyo akufuna masupuni, tipotiyo angophimbira.

Mayi a Chisomo:
Wina asakunamizeni ndi maginito. Siliva sagwira maginito inde, koma EPNS nayonso sigwira. Zidindozo zijambuleni ndi foni m'mawa pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera m'mbali, kenako mukuze chithunzicho. Ndipo chonde, phulusa ndi mchenga ayi! Kansalu kofewa ndi madzi a sopo zakwana.

Nachisale wa ku Chinamwali:
Zikomo nonse. Za phulusazo mwachedwa nazo: amayi adakwecha kale supuni imodzi dzulo, akuti alendo angatiseke. Ikuwala ndithu, koma yadzaza mikwingwirima. Zitatu zinazo ndazibisa kuchipinda kwanga. Ndajambula monga mwanenera Mayi a Chisomo, ndipo k wake ndi wamng'ono, woongoka. Aphunzitsi, ndikutumizireni chithunzi muone kabokosiko?