Tigule matabuleti a kafukufuku kapena ndalamayi ipite kwina?

Mlembi: Akuluakulu, ndalama ya zipangizo yalowa. Mwezi wamawa tiyamba kufunsa anthu m'midzi ya ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kuti ntchito iyambire pati: mijigo, ulimi wothirira kapena njira yothawira madzi akasefukira. Pali ganizo logula matabuleti atatu. Makotesheni ndatenga ku Blantyre, ndipo atatuwo adya pafupifupi theka la ndalama yonse. Tikambirane lisanafike Lachisanu.

Mnyamata wa ku Nchalo: Tigule basi. KoboCollect, pulogalamu yolembera mayankho a kafukufuku, ndi yaulere ndipo imagwira ngakhale kulibe netiweki, mayankho umadzatumiza ukafika pamene ikugwira. Mjigo wowonongeka umaujambula, GPS n'kulemba pamene uli. Mwaiwala mafomu athu aja ananyowa ndi namondwe Freddy mu 2023? Tinachita kuyambiranso.

Mayi Msungichuma: Yaulere ndi pulogalamuyo mwananga, tabuleti ayi. Wonjezerapo makava, ma power bank, sola yotchajira ndi mabando. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chikuluma. Nanga dzuwa la October kuno, batire ipirira?

Mlangizi wopuma, Bangula: Ine za mtengo ndisiyira amayi. Nkhawa yanga ndi ya amene agwire chidacho. Mapu a mudzi tikamajambula pansi, phulusa limakhala mtsinje, zitsononkho nyumba, masamba madimba, ndipo ndodo imayenda m'manja mwa anthu. Ndinaonapo agogo ena akufufuta ndi phazi mzere umene amuna anajambula, amvekere madzi a mtsinje wa Ruo mu 2015 sanadzere pamenepo, anadzera kuseri kwa manda. Anthu anakangana mpaka anagwirizana, ndipo njira yothawira imene tinkaganiza inapezeka kuti ndi imene imayamba kumira. Robert Chambers, amene anatchukitsa njira zimenezi m'zaka za m'ma 1990, ankalimbikira zomwezo, kuti wofufuza apereke ndodo kwa eni mudzi, iye akhale pansi amvetsere. Tabuleti simungaipereke kwa agogo. Imakhala m'manja mwa mnyamata mmodzi, mafunso analembedwa kale ku ofesi, ndipo chimene sichili pa fomu chimatsala m'mudzi momwemo.

Za nyemba muzikumbukanso. Mumawerenga nyemba 100, amayi paokha, abambo paokha, gulu lililonse ligawe pa mavuto amene latchula lokha. Kangapo ndaona mulu wa abambo ukukula pa mapampu othirira, wa amayi pa madzi akumwa, poti mijigo ina kuno imatulutsa madzi amchere ndipo amene amayenda mtunda ndi ndowa ndi iwo. Wosadziwa kuwerenga amaona yekha mulu umene wakula.

Mnyamata wa ku Nchalo: Bambo, zonsezo n'zoona, koma mulu wa nyemba mukaupereka bwanji ku khonsolo? Amafuna manambala ndi malo.

Mlangizi wopuma, Bangula: Uujambule ndi foni yako, uwerenge, ulembe. Manambala ndi omwewo.

Achemwali a ku Makhanga: Ndikufuna nditsutseko pang'ono, bambo. Pabwalo si onse amayankhula. Amfumu akakhala pampando, ndani anganene kuti malo a kumtunda anagawidwa mokondera? Za ngongole ya banki mkhonde, za nkhanza m'misasa nthawi ya madzi, mayi sanganene pamaso pa apongozi ake. Zimenezo zimatuluka mukakhala awiri pakhonde. Ndiye kuyenda khomo ndi khomo kukufunika ndithu. Koma tabuleti ndikuiopa pa chifukwa china. Anthu kwathu akaona chida chimenecho amati kwabwera kalembera wa Mtukula Pakhomo kapena wa chimanga. Pomwepo mbuzi zonse "zinafa", aliyense akudya nyika, ngakhale amene ali ndi mapira m'nkhokwe. Sindikuwanena, njala ya January ndi February ndi yeniyeni, koma mayankho otero sitingamangirepo ntchito.

Mayi Msungichuma: Apo mwalasa achemwali. Ngakhale kope lenilenilo amaliyang'anitsitsa.

Wapampando: Funso langa n'lakuti kafukufuku akatha, zotsatira zibwerera bwanji kwa anthu? Midzi imeneyi yafunsidwa mafunso pambuyo pa anamondwe Idai, Ana ndi Freddy, ena amafika potiuza kuti tatopa. Mapu a pansi tikawakopera pa pepala lalikulu, limodzi limatsala ndi a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ndi a VCPC, komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Za m'tabuleti zimatsala ndi ndani?

Mnyamata wa ku Nchalo: Tingasindikize n'kubweza. Ndipo zikasungidwa pa intaneti madzi sangazikokolole. Pepala la a VDC lija mvula imodzi latha.

Mayi Msungichuma: Kusindikizako ndi ndalamanso. Komanso bajetiyi mulibe boti lowolokera Shire, mulibe chakudya cha otithandiza kumasulira Chisena. Tikagula atatu, midzi iwiri tiisiya. KoboCollect yakoyo siilowa m'foni wamba ya Android?

Mnyamata wa ku Nchalo: Imalowa. Koma foni yanga ikagwera m'madzi pa boti mundigulira ina?

Mayi Msungichuma: Tikugulira kathumba kapulasitiki.

Mlembi: Ndalemba maganizo awiri oti tivotere Lachisanu: kugula atatu, kapena kugula imodzi ya GPS ndi zithunzi, mafunso a pakhomo tiyendetse ndi mafoni athu. Amene muli ndi ya Android ndiuzeni lero, ndione ngati akwana. Achimwene a ku Nchalo, mubwere ndi mtengo wa power bank, osati wa chaka chatha.