Kusintha mamita kukhala mafiti ndi mainchesi

Wofunsa:
Ndikupempha thandizo, akuluakulu. Msinkhu wanga ndi mamita 1.75, koma fomu imene ndikudzaza ikufuna mafiti ndi mainchesi. Popeza mita imodzi ndi pafupifupi mafiti 3.28, nditachulukitsa 1.75 ndi 3.28 ndapeza 5.74. Kodi ndilembe mafiti 5 ndi mainchesi 7?

Yankho loyamba:
Ayi, musalembe choncho. Nambala 5.74 ikutanthauza mafiti 5 ndi gawo la 0.74 la fiti imodzi, ndipo popeza fiti imodzi ili ndi mainchesi 12 osati 10, gawolo muyenera kulichulukitsa ndi 12, zimene zikupereka pafupifupi mainchesi 8.9. Choncho lembani mafiti 5 ndi mainchesi 9.

Yankho lachiwiri:
Ine ndimaona kuti kuyambira pa masentimita n'kodalirika kwambiri, chifukwa kuyambira mu 1959 inchi imodzi inakhazikitsidwa kukhala masentimita 2.54 ndendende. Mamita 1.75 ndi masentimita 175. Gawani 175 ndi 2.54, mupeza mainchesi 68.9. Mainchesi 60 ndi mafiti 5, ndipo otsalawo ndi 8.9. Musafupikitse manambala pakati pa kuwerengera, makamaka ngati mukuyeza matabwa kapena zitsulo, pomwe kachidutswa ka inchi kangachititse kuti zinthu zisalumikizane bwino.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba mafiti 5 ndi mainchesi 9.