HIA ya migodi yakale yapansi, ndilowe kapena ndisalowe?

Wafosholo: Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndapatsidwa HIA (kafukufuku woona momwe ntchito ingakhudzire zinthu zakale zachikhalidwe) ya migodi yakale yagolide cha ku Pilgrim's Rest ku South Africa, akufuna kuitsegulanso. Kasitomala akuti poti ntchito yonse idzakhala pansi, ndingolemba za pakhomo pa ma adit (ngalande zolowera mu mgodi cham'mbali mwa phiri) basi, lipoti likwere pa SAHRIS (webusaiti ya SAHRA, bungwe la dziko loyang'anira zinthu zakale) mwezi usanathe. Koma m'katimo akuti muli njanji za ma cocopan (tingolo tachitsulo tonyamulira miyala) ndi mitengo yochirikiza denga. Golide kuno anayamba kukumba mu 1873, zina mwa izi zadutsa zaka 100, Section 35 ya lamulo la South Africa loteteza zinthu zakale ikugwira. Mapulani akale amene andipatsa sakugwirizana ndi GPS yanga olo pang'ono. Ndilowe ndikajambule?

MkuluWaKadoma: Manda mwafufuza? Yambani manda achimwene, zinazo pambuyo.

MayiMapu: Za mapulanizo onani datum, maziko amene anayezerapo mapuwo. Akakhala a Cape Datum inu muli pa Hartebeesthoek94, mfundo zimasuntha mamita pafupifupi 300. Ena ndi a gridi ya mgodi womwewo, amenewo ndi ovuta koposa. Pemphani saveya wa mgodi akupezereni ma beacon akale, musamange nokha.

Chigumula: Musalowe popanda kalata ya manejala wa mgodi komanso munthu wa ventilation patsogolo panu. Mpweya woipa sununkha. Ine ndinalowapo mu adit ina yooneka bwinobwino, chipangizo choyeza okosijeni chinayamba kulira tisanapite patali, tinatuluka chothamanga mpaka kusiya tripod. Ilipobe m'menemo. Onjezani ndowe za mileme, matenda a m'mapapo a histoplasmosis amene zimabweretsa si chimfine. Komanso mukapeza zotsalira za makandulo kapena matumba atsopano pakhomo, bwererani, muli ma zama zama, okumba mozembera malamulo.

MkuluWaKadoma: Njanji ndi chitsulo chabe. Vuto lidzatulukira pamwamba, pomwe adzaike msewu, dampu ndi ma ofesi. Anthu akuda ogwira ntchito m'migodi ankaikidwa kuseri kwa komponi, mulu wa miyala chabe, pa mapu palibe. Kwathu kuno ku Kadoma, ku Zimbabwe, tinapeza otere mu udzu wautali, ambiri a makolo ochokera ku Nyasaland, ndipo pafupi pake panali dambwe. Anatilozera ndi agogo ena apakomponi, osati zithunzi za ndege. Section 36, manda opitirira zaka 60, musaiwale.

Wafosholo: Bambo ndamva, manda ali pa ndandanda. Funso langa ndi la pansi.

MayiMapu: Lembani poyera mu gawo la limitations la lipoti lanu kuti pansi sipanaonedwe chifukwa cha chitetezo, kenako ikani condition yoti gawo lililonse lijambulidwe akangolitsegula ndi kulichirikiza, asanachotse kanthu. Akakhala ndi laser scanner ya saveya, pemphani point cloud, chithunzi cha 3D chomwe imatulutsa. Zomangidwa zopitirira zaka 60 zimapita kwa a chigawo pa Section 34, osati SAHRA, ambiri amasokoneza pamenepa.

Chigumula: Condition imeneyo ikalowe mu EMPr, pulani yosamalira chilengedwe yomwe mgodi uyenera kutsatira, apo ayi kontrakitala adzagulitsa ma cocopan onse ngati sikirapu inu musanamve.

MkuluWaKadoma: Ndipo muyende udzu utapsa, nthawi ya dzinja manda simungawaone. Mwalankhula ndi nkhalamba za m'deralo?

Chigumula: Akulu inu ndi manda! Koma zoona, ku Kadoma kuja nkhani ya dambwe inatha bwanji? Anazunguliza mpanda kapena anasamutsa msewu?