Pansi pa boti la fibra pawola, ndikonze bwanji?

Msodzi wa ku Chicoa:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Boti langa la fibra la mamita 6, lomwe ndimaphera nsomba pa Cahora Bassa, pansi pake pafewa chakumbuyo pafupi ndi injini, malo ngati mamita 2 m'litali. Ukaponda pamabonyoka ngati chinkhupule, ndipo m'mabowo a masikuluwu mukutuluka madzi akuda onunkha. Ndimati ndingoyala pulayiwudi wina pamwamba pake n'kumata. Zitheka?

Mmisiri wa maboti, Songo:
Achimwene, musayale pamwamba ayi. Chinyezicho mukachitsekera mkati chimakadya nthiti za boti zomwe zili kunsi kwake, boti n'kumalemera koma lilibe mphamvu. Yambani mwagogoda pansi ponse ndi hamala. Polimba pamalira "ngwe", powola pamangoti "bu". Pomwe mukukayika boolani kabowo, ndipo utuchi ukatuluka wakuda ndi wonyowa, pamenepo n'podula. Gwedezaninso injini m'mwamba ndi m'munsi. Thabwa lakumbuyo lomwe imamangidwapo likamapindika nayo, ndiye kuti nalo lapita.

Musanadule, chotsani thanki ya petulo, likhazikeni boti pamalo athyathyathya n'kulichirikiza ndi zipika kunsi. Popanda zimenezo limapotoka mukachotsa pansi, ndipo mukamata lili chopotoka silidzawongokanso. Mpeni wa makina odulira muutulutse molingana ndi kuchindikala kwa thabwa basi, chifukwa m'mbali khungu la boti lili pafupi kwambiri. Nthiti zowola muzisintha imodziimodzi. Thovu lolimba la kunsi, loyandamitsa boti, likakhala kuti lamwa madzi, tayani, siliuma. Kenako boti liume mpaka utuchi wa pa kabowo katsopano uzituluka wouma, ngakhale zitenge milungu iwiri.

Wogulitsa zipangizo, mzinda wa Tete:
Pa malo amenewo pulayiwudi mmodzi wa mamita 2.44 kwa 1.22 akwana. Mufunse contraplacado marítimo, pulayiwudi wa maboti wopirira madzi, wa mamilimita 12, kapena 15 ngati nthiti zili motalikirana. Nsalu ya fibra mutenge ya magalamu 450 pa sikweya mita. Sikweya mita imodzi imamwa rezina (guluu wamadzimadzi womatira fibra) wopitirira pang'ono kilo imodzi, ndiye mukayala nsalu imodzi kunsi, ziwiri pamwamba, n'kuwonjezera zomangira m'mbali, mukonzekere nsalu ya masikweya mita 12 ndi rezina wa makilo 15. Osaiwala asetoni, mabulashi ndi kagudumu kachitsulo kotulutsira mpweya.

Msodzi wa ku Chicoa:
Zikomo bambo. Nanga pulayiwudi wamba wa mipando uja sangachite? Winayu mtengo wake ukundiwawa.

Mmisiri wa maboti, Songo:
Wa mipando guluu wake sapirira madzi, amasenda ngati tsamba la anyezi. Ndalama ikavuta, tengani wa panja wa guluu wosalowa madzi, koma wouma bwino. Komatu chimene chimawoletsa pansi kawirikawiri si mtundu wa thabwa. Anthu amamata pamwamba pokha, kunsi ndi m'mphepete n'kusiya pambalambanda, ndiye thabwa limamwa madzi cham'munsi. Pakani rezina kunsi ndi m'mphepete monse, muyale nsalu kunsiko musanaliike. Khoma la boti mulikwechese mpaka fibra yoyera ioneke, masentimita 10 kukwera m'mwamba, n'kupukuta ndi asetoni. Pa penti, fumbi kapena mafuta a nsomba rezina sagwira. Pa ngodya pomwe thabwa lakumana ndi khoma mupake phala la rezina n'kulizungulitsa ndi supuni, chifukwa nsalu simakhota pa ngodya yakuthwa, imasiya mpweya kumbuyo. Lamba woyamba wa nsalu womangira thabwa ku khoma akhale wa masentimita 10 m'lifupi, wachiwiri 15. Poyera ngati mkaka ndi pomwe rezina sanalowe, pitanipo ndi kagudumu.

Mayi wokonza mathanki a fibra, Moatize:
Ndiwonjezere za kutentha, poti Tete timamudziwa tonse. Pa chitini amalemba katalizado (mankhwala oumitsa rezina) wa 1 mpaka 2 pa 100 aliyense. Kuno mu Okutobala ndi Novembala ikani mamililita 10 pa kilo, muyeze ndi jakisoni, osati ndi maso. Musatsike kuposa pamenepo, rezina sauma bwino. Sakanizani theka la kilo pa nthawi, m'chotengera chotambalala, m'mawa ndiponso pamthunzi. Mukasakaniza wambiri m'chitini chozama amatentha, kufuka utsi n'kulimba bulashi ili momwemo. Katalizadoyo akadonthera m'diso amachititsa khungu, ndiye magalasi ndi magolovesi musavule, fodya akhale kutali.

Mmisiri wa maboti, Songo:
Mayi anena zoona. Kunsi musiye njira yoti madzi azitsikira kumbuyo kukatuluka pa chitsekero. Penti womaliza akhale topcoat, penti wa fibra wouma pamwamba, osati gelcoat wamba amene amakhala wonata, ndipo muwazemo mchenga wosefa wouma kuti musamaterereke ndi mamina a nsomba. Bowo lililonse la sikuluwu ya mpando muliboole mokulirapo, mulidzaze ndi phala la rezina, likauma mubooleponso laling'ono.